Dothi la m'Timapepala ta Shuga

Apongozi anga adandichenjeza sabata yomwe ndidalowa pamudzi uno kwa Kaomba. Tinkasoka fodya m'chigafa, iwo maso ali pa singano.

"Inu mtengwa," adatero, "mukadzaona munthu akutapa dothi m'munda mwanu, musadzataye nthawi kumufunsa. Ameneyo wadzatenga zokolola. Kulima mudzalima inu, nkhokwe yodzaza idzakhala yake."

Mawuwo ndidawasunga zaka zonsezi. Apongozi adapita, amuna anga adapita, ine n'kutsala pakati pa abale awo amene sadaiwale kuti ndine wobwera. Chomwe sindidadziwe n'chakuti wotapa dothiyo ndidzamulera ndekha, n'kumamuchapira yunifolomu.

Ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi. Amake adapita kutauni kukafuna ntchito, adabwerako atagona kumbuyo kwa matola, ndipo sadadzukenso. Mwanayo ndidamutenga asanadziwe kumanga nsalu.

Ali Folomu 4, tsiku lina ndikusesa kuchipinda kwake ndidakoka katoni. M'katimo mudali timapepala ta shuga, kalikonse kali ndi dothi, komanga bwinobwino, kolembedwa pamwamba. Kuwerenga ndimatha, ndidaphunzira sukulu ya kwacha. "Munda wa agogo." "Kudimba." "Munda wa agogo aamuna aang'ono." Amenewo ndi alamu anga, ang'ono awo a malemu amuna anga.

Pochokera kusukulu adandipeza ndakhala pakhomo, katoni ili pamiyendo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi sayansi, agogo."

"Sayansi ya kwa sing'anga uti?"

Adayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga adagwada. Adati aphunzitsi ake ali ndi timapepala toyezera. Amasungunula dothi m'madzi, kuviikamo kapepalako, ndipo kamasintha mtundu. "Dothi lathu lawawasa, agogo. Fodya ndi chimanga chaka ndi chaka, lafika potopa. N'chifukwa chake fetereza timathira koma chimanga osakondwa."

Ndidazungulira kuseri kwa chigafa, kuyang'ana uku ndi uku, n'kutapa pang'ono kuika palilime. Silidawawase. Lidangokhala dothi, mchenga kumangolira m'mano.

"Aphunzitsi akowo ndi abodza," ndidamuuza. "Ndalawa."

Adaseka mpaka misozi. Ine sindidaseke, chifukwa ndinkadziwa kuti ngati ine ndaona katoni, wina adamuona kale mwanayo atawerama m'munda wa eni.

Ndipo adamuonadi, akazi awo a alamu. Zaka zimenezo zidali za makuponi, fetereza wotsika mtengo uja, ndipo alamu adali mukomiti yolemba mayina. Makuponiwo sankakwana. Thumba limodzi tinkagawana mabanja awiri, kuyeza ndi ndowa, aliyense diso lili pa dzanja la mnzake. Chaka chimenecho tidasonkhana pabwalo la sukulu, mayina adaitanidwa mpaka kutha, langa osamveka.

"Alamu, dzina langa lagwera pati?"

"Aa, alamu, inu fetereza ngwachiyani?" adayankha mokweza. "Si minda yathu yonse muli nayo m'nyumba?"

Bwalo lonse lidaseka. Amayi amene ndimaimba nawo kumvano adaseka. Wamasiye mnzanga amene tinkagawana naye thumba adaseka atabisa pakamwa ndi nsalu, ngati kuti sindikumuona. Ndidawaona onse, ndipo mpaka lero ndikhoza kuwatchula momwe adakhalira.

Chimanga chathu chaka chimenecho chidali chachikasu ngati chodwala. Mwana uja adalemba mayeso ake, adakhoza bwino kwambiri, koma ine sindidavine. Kukhoza kopanda fizi ndidakuona kwa ana ambiri, amathera kusankha fodya kuesiteti.

Tsiku lina masana padaima galimoto. Mudatuluka mayi wina wa magalasi, limodzi ndi aphunzitsi a dothi lowawasa aja. Ndidawayalira mphasa panja, m'nyumba ayi. Mayiyo adati achokera kubungwe lothandiza ana okonda sayansi. Aphunzitsi adawatumizira zomwe mwanayo adalemba za minda yathu, ndipo bungwelo lamusankha. Adzamulipirira sukulu ya ukachenjede mpaka kumaliza, malo ogona, chakudya, mabuku. Adati dzina lake ndi sikolashipu.

"Agawana ndi yani?" ndidafunsa.

"Pepani agogo, kugawana chiyani?"

"Musandipusitse, mayi. Chaulere chimabwera cha anthu awiri. Uyu aphunzira miyezi ingati, mnzakeyo miyezi ingati?"

Aphunzitsi adayang'ana kumbali, mapewa akugwedera. Mayiyo sadaseke, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu pang'ono. "Palibe mnzake. Ndi yake yekha."

"Nanga inu mudyapo chiyani?"

"Tikufuna anthu odziwa dothi amene adakulira pa dothilo."

Yankho losalala chonchi ndimaliopa kuposa mwano. Adandisiyira pepala, kuti womulera asayine, lifike kwa aphunzitsi pofika Lachisanu. Likapanda kufika, malowo apita kwa wina.

Galimoto itangokhota, pepala ndidalipinda n'kulikwirira m'thumba la nyemba. Mwana adandipempha Lolemba, ndidati ndikuganiza. Lachiwiri adalira. Lachitatu adasiya kundipempha, ankangogwira ntchito zake osandiyang'ana, ndipo zimenezo zidandipweteka kuposa misozi. Koma ine ndinkaona matola aja. Tauni idandilanda kale mmodzi. Komanso, ndinene zoona popeza ndayamba, ndinkadzifunsa kuti akapita, madzi adzanditungira ndani.

Lachinayi m'mawa ndidamva odi. Alamu, atavala jekete la kutchalitchi.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Tamva kuti mwayi wagwera banja lathu."

"Banja liti?"

Adakhala pansi osauzidwa. Adati iwo ngachikulire, zinthu amaziona patali. Mwana wamkazi kutauni, ndikudziwa ndekha zomwe zimachitika. Abwerako ndi mimba, mwayi n'kutayika. Pomwe iwo ali ndi mwana wamwamuna, nayenso adalemba Folomu 4. Bwanji tikakambe ndi aphunzitsi, dzina lisinthidwe, zinthu zikhale m'banja momwemu? "Ndipo dzina lanu lija, alamu, chaka chino libwerera. Thumba lathunthu, losagawana."

Munthu yemwe adanditcha mfiti pabwalo, lero akufuna kukolola zomwe zamera pa ufitiwo. Pamenepo ndidazindikira kuti pepala lija ndi lenileni. Alamu sathamangira chinthu chopanda mafuta.

"Mwana wanuyo," ndidafunsa, "akudziwa kuti dothi limawawasa?"

"Mukuti chiyani?"

"Pitani mukalawe. Mukabwere mudzandiuze."

Adanyamuka akung'ung'udza kuti obwera ndi choncho. Ine ndidapisa m'nyemba, kukung'untha pepala, n'kuitana mwana. Kusukulu ndidamuuza kuti andiwerengere mzere uliwonse m'Chichewa, aphunzitsi ali panja. Kenako ndidamutulutsa iye, aphunzitsi n'kundiwerengeranso okha, kuti ndione ngati mabodza awo angafanane. Zidafanana. Ndidafunsa pomwe pali dzina la mwanayo, ndidalozapo ndi chala, kufufuza ngati pansi pake pabisala lina. Padalibe. Ndidasayina pang'onopang'ono, ndili ndi mkwiyo, sindikudziwa kuti wokwiyira yani.

Mwana uja adapita. Kuponi sindidaionenso.

Patchuthi choyamba adabwera ndi ufa woyera m'thumba, akuti laimu, wochotsa kuwawasa kuja. Ndidamulola theka la munda basi, theka linalo ndidakana. Adathiranso manyowa, adandikakamiza kudzala soya pomwe padali fodya. Sindinena zambiri, anthu angadzandilodze. Ndingoti patapita zaka ziwiri ndidamupatsa ndekha theka lotsalalo.

Bungwe lija sindilikhulupirirabe. Tsiku lina lidzabwera kudzatenga chake, ndikudikira. Koma chomwe ndidaona ndi maso ndinena: pepala limodzi lokha m'moyo wanga lidafika ndi dzina la mwini wake, osadutsa mukomiti, osadulidwa pakati. Likadapanda pepalalo, mwana amene adamva kutopa kwa dothi tonse tisanamve bwenzi pano akusankha fodya wa eni. Alipo ena otero m'midzi muno, amene agogo awo akuwabisira mapepala m'nyemba.

Mwezi watha akazi awo a alamu adafika pakhomo, kapepala ka shuga kali m'manja, dothi lili m'kati. Akuti mwana akadzabwera adzawayezere. Ndidawauza kuti asiye pakhonde. Kakadali pomwepo, mbuzi zakanunkhiza n'kukasiya.

Tsopano ndili ndekha. Mwana amaimba foni Lamulungu lililonse, koma foni situnga madzi. Bondo lakumanzere lakana, ndipo a pamudzi pano akhoza kuona chitseko changa chotseka masiku atatu osagogoda. Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa msewu wa kwa Kaomba, mudzapatuke mudzaone ngati ndikadali moyo. Nyumba yake ndi ya chigafa chakugwa mbali imodzi. Odi mudzayambire patali, mudzanene msanga chomwe mwadzera. Ndipo m'munda mwanga musadzaweramemo.