Tsiku loika bambo, malata anachoka pa Laini

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi mkeka wa m'siwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse, ena akuwodzera chokhala. Panja azibambo anali atazungulira chitsa chongofuka utsi. Kunali kutatentha kale, kutentha kwa Novembala kolosera mvula.

M'bokosi pabalaza munali bambo anga. Anabwera kuno kummwera kwa Mzimba kuchokera ku Dedza ali mnyamata, kudzalima fodya ngati tenanti pa esiteti. Matenanti onse anamanga zisakasa za udzu mumzere umodzi kumapeto kwa munda, n'chifukwa chake malowa amatchedwa pa Laini. Fodya atagwa mtengo, mwini esiteti n'kumwalira, ena anabwerera kwawo. Otsalawo anagumula chulu, kuumba njerwa, kuotcha. Nyumba ya bambo ndiyo inayamba kufoleredwa ndi malata, ndipo mvula ikamagwa ankatikhalitsa chete ana tonse kuti timve phokoso la padenga. Tinkawaseka kuti agula wailesi yolira dzinja lokha.

Koma malowo sanali athu. Mwana wa mwini esiteti, amene amakhala ku Boma, ankatiuza chaka ndi chaka kuti tichoke, akufuna kugulitsa. Chinkamulepheretsa n'chakuti pa Laini sipankasowa munthu. Ena akapita kumunda kapena kuchigayo, ena ankatsala, ndipo nyumba yokhala ndi anthu mkati suyisasula.

Dzuwa litatuluka, azimayi anasonkha moto kuseri kwa khola. Anthu a m'midzi yoyandikana anayamba kufika, ena panjinga, ena wapansi, akugwada pakhomo ndi kunena phepani. Mtima wanga unali pa manda. Bambo ankafuna kugona pansi pa mango amene anabzala okha, koma mwana wa mwini esiteti anakana, akuti obwera saikidwa pamalo a eni. Mpingo unatipezera malo kutali, mbali ya ku Edingeni, ndipo sitinkadziwa kuti tikafika bwanji.

Kenaka tinamva kulira kwa malole awiri. Anatsika mwana wa mwini esiteti uja, chipewa chili m'manja, nakagwada pamaso pa mayi anga.

“Phepani chomene, amama. Malolewa ndi anu. Mupite nonse, ndi miphika yomwe, mbwenu mukadyere konko.”

Ndinamuwombera m'manja momuthokoza ndi kunena yewo. Mpaka lero manja amenewa amandinyansa ndikakumbukira.

Kwathu munthu satsala pakhomo mnzake akukaikidwa, wotsala amanenedwa ufiti. Tinakwera tonse. Ngakhale mayi wina wosaona, amene sanatuluke pa Laini kwa zaka zambiri, anamunyamula n'kumukhazika pafupi ndi bokosi. Panatsala nkhuku ndi agalu.

Panjira fumbi linatiyeretsa nsidze, nyimbo zikudukaduka ndi mabampu. Titatsika kumanda, oyendetsa anati akukathira mafuta. Adzukulu anatsitsa bokosi, abusa anapemphera mwachidule poona mitambo ikuda kumvuma, tinaponya dothi, tinadya. Tinadikira malole mpaka mithunzi kutalika. Sanabwere.

Tinabwerera wapansi, miphika pamutu, mayi wosaona uja ali pa njinga ya munthu wachifundo. Titakwera kamtunda koonekera pa Laini, amene anali patsogolo anaima. Panalibe denga ngakhale limodzi lonyezimira. Malata onse anali atazulidwa, zitseko ndi mawindo zomwe, ndipo matayala a malole omwe aja anasiya mizere pabwalo ponse. Katundu wathu anamuunjika panja bwinobwino, wa nyumba iliyonse payekha, mbale mkati mwa mabeseni, kuti tisavutike posamuka. Ulemu umenewo ndi umene unandipsetsa mtima koposa.

Palibe amene analira, misozi inali itathera kumanda. Aliyense analowa m'chipupa chake.

Mayi anga anakhala pansi pabalaza, pamalo pomwe panali bokosi m'mawa. Ndinakhala nawo, tikuyang'ana mitanda yopanda kanthu ndi mitambo pamwamba pake. Mdima ukuyamba, mvula yoyamba inafika. Inagwera pamapewa pathu ndi pasimenti ya bambo, mwakachetechete. Mayi anatukula mutu ngati akumvetsera, koma padenga sipanalire kanthu.