Makiyi amene sanamveke ku Prague

Ndikukumbukira bwino kulira kwa makiyi a agogo Yaro, ngakhale nkhope yawo yayamba kuzimiririka m'maso mwanga. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Hamilton, ku Canada, m'nyumba yosanja momwe fungo la fakitale ya zitsulo linkalowa ngakhale mutatseka mawindo onse. Mayi ankasamalira okalamba, mashifiti awo osadziwika mutu wake, bambo nawo ankafika dzuwa litalowa. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkagogoda pachitseko choyang'anizana ndi chathu. Mwini wake anali mzungu wokalamba, wopuma pantchito kufakitale komweko. Dzina lawo lenileni linali Jaroslav, koma lilime la mayi linakana, n'kungolidula kuti agogo Yaro.

Kwawo kunali ku Czechoslovakia. Anathawako mu 1968, akasinja a asilikali akunja atalowa mumzinda wa Prague kudzatseka pakamwa anthu amene anali atayamba kulankhula momasuka. Anathawa ndi akazi awo, mayi Zuzana, amene ine sindinawapeze amoyo. Chimene ndinapeza ndi kamtsuko kachitsulo pashelefu, kopukutidwa tsiku ndi tsiku mpaka kumawala.

Tsiku limene ndinauza mayi kuti m'kamtsukomo munali phulusa la thupi la mayi Zuzana, mbale inatsala pang'ono kuwapulumuka.

"Mayo ine! Munthu kumagona ndi maliro m'nyumba? Iwe Tiyamike, usadzayerekeze kukhudza!"

Koma atamva chifukwa chake anasiya kukalipa. Agogo Yaro anali atalonjeza akazi awo, ali gone kuchipatala, kuti sadzawaika m'dothi lachilendo. Dziko likadzamasuka adzapita nawo kwawo, ndipo tsiku lawo likadzakwana iwonso adzagona pambali pawo. Bambo sanadabwe nazo konse. Nawonso nthawi imeneyo sakanaponda ku Malawi, chifukwa cha mawu ena amene anawalankhula pagulu m'masiku a chipani chimodzi. Amuna awiriwa akakumana ankacheza motsitsa mawu, ngati kuti makoma a ku Canada nawonso ali ndi makutu.

Nkhani imene ndinkaikonda inali ya makiyi. Ndinkawakakamiza kuti aibwereze mpaka kutopa nane. Ankati mu 1989 anthu a kwawo anadzaza mabwalo a m'mizinda kunja kukuzizira koopsa, aliyense n'kutulutsa makiyi ake m'thumba n'kuyamba kuwaliza, kuuza olamulira kuti nthawi yanu yatha, kazipitani. Akafika pamenepa ankatulutsa mpukutu wawo wa makiyi, n'kuukweza m'mwamba, ngwere-ngwere-ngwere! Boma la chipani chimodzi linagwa popanda nkhondo. Ine mwana ndinameza nkhaniyi yonse osatafuna. Ndinakhulupirira kuti makiyi akalira, akuluakulu amamva.

Dziko linamasuka ndithu, koma mtima wa agogo Yaro unali utafooka, ndipo dokotala anawaletsa kukwera ndege mpaka atawachita opaleshoni. Anadikira. Sutikesi anagula, malo oikapo kamtsuko anakonza. Ali mkati modikiramo, mu 1992, panamveka kuti dzikolo aligawa pawiri, a Czech kwawo, a Slovak kwawo. Agogo Yaro anali m'Czech. Mayi Zuzana anali m'Slovak wa kumapiri.

Bambo anafunsa zimene Mmalawi aliyense wa nthawi imeneyo akanafunsa. "Nanga pulezidenti wanu ali kuti? Bwanji osangoletsa?"

Agogo Yaro anafotokoza kuti kwawoko pulezidenti salamula yekha, mphamvu zili m'manja mwa aphungu ndi nduna zazikulu. Nduna yaikulu ya mbali iyi ndi ya mbali inayo zinali zitagwirizana kale, ndipo pulezidentiyo, poona kuti sangaletse, anatula pansi udindo.

"Kutula yekha? Wamoyo, akuyenda?" Bambo anagwira pakamwa. "Ha! Koma dziko lapansili ndi lalikulu."

Mayi anafunsa ngati anthu wamba anawafunsa maganizo. Atamva kuti ayi, palibe anawaitana kukaponya voti pankhaniyi, anaomba m'manja kamodzi. "Ukwati kutha popanda ankhoswe! Zamanyazi."

Ine ndinaona ngati akuluakuluwa akungovutika ndi nkhani yophweka. Tsiku lina ndikudya buledi wakuda wa agogo Yaro, wowawasa, amene ndinkangomudya chifukwa cha ulemu, ndinati, "Agogo, bwanji osakagona nonse kwawo kwa mayi Zuzana? Nkhani yatha."

Anandiyankha kuti, "Ndikakagona kwawo, mlendo ndine. Ndikapita naye kwathu, mlendo ndi iye. Ndinamulonjeza dziko limodzi, mwana wanga. Takhala alendo kokwanira."

Usiku umenewo tulo sindinatione. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti munthu amene ankandikonzera zipi ya jekete, amene ankadziwa kutsitsimutsa hita ikafa, anali atakhala manja lende, osadziwa kolowera.

Agogo Yaro anandiuza kuti tsiku lomaliza la chaka, ikamakwana sikisi madzulo kuno, kwawoko idzakhala pakati pa usiku, ndipo dzikolo lidzatha. Apa m'pamene nzeru zanga za zaka khumi zinagwira ntchito. Masana a tsikulo ndinatolera makiyi onse a m'nyumba mwathu: apachitseko, a m'chikwama cha mayi, ngakhale timakiyi ta masutikesi amene tinabwera nawo kuchokera ku Malawi. Popeza mutu umodzi susenza denga, ndinakakoka ana awiri a kwa a Tembo, a ku Zambia amene ankakhala pamwamba pathu, ana oti ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Sanamvetse bwino chimene tinkachita, koma phokoso ankalikonda.

Tinaima poimika magalimoto, pansi pa windo la agogo Yaro, sinowo ikutilowa m'nsapato, n'kuyamba kuliza. Ngwere-ngwere-ngwere! Zala zinauma, mamina anatsika, koma ine osaleka. Musandiseke, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ku Prague amva.

Windo linatseguka, kenako linatsekeka. Patapita kanthawi agogo Yaro anatulukira pakhomo ndi ndodo yawo, opanda ngakhale chipewa. Sanaseke, sanakalipe. Anagwira dzanja langa n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Makiyi aja tinkalizira anthu amene sitinawasankhe," anatero. "Awa anawasankha ndi anthu anga omwe. Ndiwalizire ndani?"

Ndinalira mokweza, kulira kwa mkwiyo. Ana a kwa a Tembo anaponya makiyi pansi n'kuthawa. Nditacheuka ndinaona mayi ataima kumbuyo kwanga, yunifolomu ili m'thupi, nkhope ili gwa. Anali atasanthula nyumba yonse kufuna makiyi, basi yawo n'kuwasiya. Ndinadziwa kuti lero khutu langa liona zakuda.

Mayi anayang'ana ine, anayang'ana nkhalamba ija ikunjenjemera m'chisanu, n'kutola makiyi aja mmodzimmodzi. Titakwera anaimba foni kuntchito, anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, mpango kumutu, n'kundigwira pamkono mpaka kwa agogo Yaro. Pakhomo anavula nsapato. Anakhala pansi, pafupi ndi shelefu yomwe ija ankaiopa, miyendo atatambasula. Agogo Yaro anawakokera mpando, iwo anapukusa mutu.

"Tabwera kudzakhuza maliro, agogo."

"Wamwalira ndani?"

"Dziko lanu."

Nkhalamba ija inakhala pampando. Bambo atafika anakhala nawo pansi. Ine ndinali ndikuyembekezabe kuti wina anena chochita, ndiye ndinanong'oneza mayi kuti, "Nanga tipange chiyani?"

"Palibe. Madzi akatayika saoleka. Khala pansi."

Sikisi inakwana. Palibe chinagwedezeka, hita inkangolira monga mwa masiku onse. Agogo Yaro anayamba kung'ung'udza nyimbo ya fuko lawo, kenako analekeza panjira. Anati nyimboyo inali ndi zigawo ziwiri, choyamba cha a Czech, chachiwiri cha a Slovak, ndipo amene ankaimba chachiwiricho anali mayi Zuzana. Tonse tinayang'ana kamtsuko kaja. Panalibe mmodzi wa ife Amalawi wodziwa chigawocho. Mayi, amene pamaliro alionse ndiwo ankayambitsa nyimbo, tsiku limenelo anangoti chete, misozi ikutsikira pachitenje.

Opaleshoni anawachita agogo Yaro, mtima unakhalako bwino, koma sutikesi ija sinatsike pamwamba pa wadirobu. Patapita zaka zochepa, akudwala komaliza, anauza bambo kuti adzawaike onse awiri ku Hamilton konkuno. "Kuno palibe woposa mnzake," anatero, "tonse ndife alendo." Pamaliro awo ambiri tinali Amalawi ndi a ku Zambia, ndipo tinawaimbira nyimbo zathu poti zawo sitinkazidziwa.

Ndakula tsopano, ndipo ndamva anthu akuyamikira kuti mayiko awiriwa anasiyana mwaulemu, popanda kukhetsa magazi, ndipo mpaka lero amayenderana bwino. N'zoona, sindikutsutsa. Koma ndinaona ndi maso anga kuti ngakhale chinthu chochitika mwamtendere, chovomerezedwa ndi aphungu osankhidwa bwinobwino, chimatha kuthyola lonjezo la nkhalamba imodzi yokhala kutsidya la nyanja, popanda woti n'kumuloza chala. Ndinkaganiza kuti kukonda munthu ndi kumukonzera zinthu. Mayi anandionetsa kuti zikakanika sumathawa, umavula nsapato n'kukhala naye pansi.

Mpukutu wa makiyi uja agogo Yaro anasiyira ine. Ndikusungabe, ngakhale palibenso chitseko chimene makiyiwo amatsekula.