Kambuku wa Asuweni Anga

Pa benchi ija tinkakhala atatu: ine, asuweni anga, ndi bambo wina amene tinkangowatchula kuti amesenjala, popeza anakalambira m'maofesi a boma akunyamula mafayilo. Benchiyo inali pakhonde pa asuweni, m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, pamalo pamene anthu otsika ndi nkhuni amatula mitolo kuti apumeko. Asuweniwo anali mwana wa amalume anga. Kwathu kuno msuweni ndi munthu amene ungamunyoze pagulu iye n'kukubwezera, mlandu osakhalapo, ndipo ife ufulu umenewo tinaugwiritsa ntchito kuyambira tili ana mpaka mano kuyamba kutha m'kamwa.

Ntchito yathu masana inali nkhani zodabwitsa. Amesenjala ankabwera ndi za pa foni, za maiko akunja. Ine ndinkabwera ndi za m'nyuzipepala. Kuwerenga ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale, ndiye sindinkalola kuti luso limenelo lizingokhala. Ndinkawerenga mokweza, chala chili pa mzere, kuti ngakhale odutsa mumsewu amve. Asuweni sankabwera ndi nkhani. Iwo anali woweruza. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri, akuyang'anira moto, choncho nkhani ikakhudza nyama, iwo ndiwo ankagamula kuti iyi ndi yoona, iyi ndi yabodza.

"Tamverani iyi," amesenjala anatero tsiku lina, foni ataitalikitsa ndi maso. "Kwa azunguku mzinda wina wasankha mphaka kukhala meya."

"Zoona zimenezo," anatero asuweni. "Amagona usana wonse, akadzuka n'kufunsa chakudya. Ntchito akuidziwa."

"Nanga misonkhano akuchititsa bwanji?"

"Makoswe onse amangovomereza."

Ine ndinatambasula nyuzipepala yanga n'kuwerenga za mbuzi imene inakwera minibasi yokha pa Songani, n'kudzatsika pa msika wa Zomba.

"Bodza," anatero asuweni.

"Zalembedwa apa, akulu. Onani."

"Ndione chiyani? Mbuzi yamutu wake singapite kumsika yokha. Ikudziwa zimene zimachitikira abale ake kumeneko. Ikanakwera yopita ku Liwonde ndikanavomera."

"Ine ndinamva kuti kondakitala anaipanikiza pa mpando wa anthu anayi," anatero amesenjala, "ndipo mwa onsewo ndi iyo yokha imene sinadandaule."

Pamene ndinawerenga za nyani amene analanda foni ya mlendo cha kudamu la Mulunguzi, asuweni anandiyang'anitsitsa kumaso nthawi yaitali. Kenako anati, "Ameneyo ndikumudziwa. Chipumi chake ndi chanuchi. Kwa mayi anu n'kwathu, kulibe nkhope yotere, ndiye ayenera kuti ndi wa kwa bambo anu."

Umu ndi mmene tinkakhalira. Mayi wina wogulitsa masitiroberi ankati akatidutsa amachita kuchepetsa liwiro.

Chaka china, nthawi ya chiperoni, asuweni anagwa ndi sitiroko akusamba. Atatuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinali zitafooka, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka olemera ngati munthu wamwa. Achipatala anati mawuwo angathe kubwererako ngati munthuyo azilankhula kawirikawiri. Koma asuweni anali munthu wonyadira lilime lake. Atadzimva okha akulephera kutchula dzina la mwana wawo, anatseka pakamwa, ndipo sanatsegulenso.

Apa ndi pamene ine ndi amesenjala tinalakwitsa, ndipo tinalakwitsa mwaulemu. Tinkabwerabe masana alionse, koma tinkabwera ngati anthu a mumpingo odzazonda wodwala. Ndinayamba kuwapatsa moni ndi manja awiri ngati mkamwini. Nkhani tinkachita kusankha: mtengo wa feteleza, mvula, msewu umene akukonza. Za mbuzi ndi anyani tinazisiya, poganiza kuti kuseka pafupi ndi munthu wodwala n'kupanda khalidwe. Iwo ankangoyang'ana phiri. Chakudya chimene mlongo wawo ankabweretsa chinkabwerera mbale zili zovundikira.

Akazi awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, atamva kuti bambo ake sakudya, anati abwera kudzawatenga. Palibe akanamunena. Koma ine ndinafikako kunyumba kwake kuja: mpanda wautali, geti lachitsulo, iye kuchoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Munthu amene anakalamba akuona chigwa chonse ali pamwamba pa phiri akanakhala pampando moyang'anizana ndi khoma. Nkhani ya ulendo ikatchulidwa, asuweni ankagwira mzati wa khonde ndi dzanja lawo labwino, mitsempha kuchita kuoneka. Ndinamuuza mwanayo pa foni kuti bambo ake sakufuna.

"Ankolo, akanena okha ndimva," anatero. "Koma munthu sakulankhula, sakudya, ndimusiye bwanji? Mukufuna ndidzabwere kudzaika maliro?"

Foni inathera pomwepo. Ndili ndi zanga zimene zimandisowetsa tulo, za munthu wina amene anachoka ine nditangokhala chete. Nkhani imeneyo si ya pano. Ndikungoitchula kuti mudziwe chifukwa chake tsiku la ulendo litafika, kukhala chete kunandikanika.

Mwanayo anabwera m'mawa ndi galimoto. Anawaveka asuweni jekete ndi chipewa n'kuwakhazika pampando pakhonde, iye n'kumatulutsa zikwama. Amesenjala anakhala kumapeto kwa benchi, foni ili m'thumba, akuyang'ana nsapato zawo.

Asuweni anali ndi nkhani imodzi imene ankaikonda kuposa zonse. Ali mnyamata, akuti anakumana ndi kambuku pamtsinje wa Mulunguzi, iwo ali ndi chikwanje chokha. Anaima osagwedezeka, akuyang'anizana naye, mpaka kambukuyo anatembenuka n'kulowa m'tchire. Nkhaniyi inakambidwa pa maukwati ndi pa maliro, ndipo ngakhale ine, amene ndinkawatsutsa pa chilichonse, ndinali ndisanaikhudzepo. Tsiku limenelo ndinaikhudza.

"Mwananga," ndinatero mokweza, "popeza ukuwatenga, ndikuuze zoona za kambuku uja, asakanamize anthu ku Lilongwe."

Anaima ndi chikwama m'manja.

"Sanali kambuku ayi. Anali mphaka wa kuhotela ya paphiri, wonenepa ndi zotsala za alendo."

Amesenjala anadzutsa mutu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana asuweni, kenako anakhosomola.

"Ine ndinamva kuti anali gologolo," anatero.

"Ayi, tisawachepetse, anali mphaka ndithu. Ndipo zoti anaima n'zabodza. Anathamanga kuchokera kumtsinje mpaka kutawuni, nsapato imodzi kuisiya pamwala. Mpaka lero anyani amaivala mosinthana akamapita kukafunsira mbeta."

"Ankolo, chonde," mwanayo anatero, nkhope itasintha. "Ino si nthawi yake."

Zikanakhala kuti ndalakwitsa, ndiye kuti mawu anga omaliza kwa m'bale wanga akanakhala chipongwe. Koma ndinaona chipewa chija chikunjenjemera. Maso anali atachoka paphiri, ali pa ine. Ndinapitiriza.

"Ndipo mphakayo anadwala ndi mantha. Anati chibadwire sanaonepo munthu wonyansa chonchi akuthamanga."

Panamveka mawu, olemera, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Bo... bodza."

"Amesenjala, mwamva kanthu? Ine ndangomva njiwa."

"Bodza!" Tsopano dzanja labwino lija linali litasiya mzati, likundiloza. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ena oduka pakati, koma tonse tinawamva. "Kambuku. Wamkazi. Anali... ndi ana."

"Ana a mphaka."

"Iwe!" Ukulu wathu wonse anali asananditchulepo kuti iwe. "Iwe unali kuti? Iwe... nkhukundembo... inakukweza mumtengo."

Zimenezo zinali zoona. Ndili wamng'ono nkhukundembo ya kumishoni inandithamangitsa mpaka ndinakwera mumtengo wa mapeyala, ndipo amene anaithamangitsa kuti nditsike ndi asuweni omwewo. Amesenjala, amene anali asanamvepo nkhaniyi, anaseka mpaka anatsetsereka pa benchi. Asuweni nawo anaseka, kuseka kwa mbali imodzi, malovu akutsika pachibwano. Mwana wawo anathamanga ndi kansalu, koma iwo anamukankha dzanja n'kudzipukuta okha ndi mkono wa jekete.

"Chabwino," ndinatero. "Pitani mukawafotokozere afisi a ku Lilongwe. Kuno nkhaniyi ndiziikamba ndine, mmene ndikuidziwira."

"Sindi... pita."

Mwanayo anaika chikwama pansi n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Ababa, mwati chiyani?"

Anatenga nthawi. Tinkaona mmene akulimbanirana ndi lilime, ndipo palibe anawathandiza kumaliza mawu.

"Sindipita. Ndikachoka... chitsiru ichi... chindiwonongera mbiri."

Mwanayo analira, atatsamiritsa mutu pabondo la bambo ake. Atatha anaimirira, n'kupukuta m'maso, n'kunditembenukira ali wokwiyabe pang'ono. Iye ndi munthu wa ntchito, salola zinthu kutha ndi kuseka. Anafunsa kuti aziwasambitsa ndani, popeza azakhali ake sangathe. Ndinati ine. Anafunsa kuti aziwayendetsa ndani monga ananenera achipatala, ndani aziona kuti amwa mankhwala, ndani aziwaperekeza kusikelo ya odwala kuthamanga kwa magazi. Ndinati ine, ndipo amesenjala anati masiku amene ine ndadwala msana azibwera iwo.

"Ameneyu... adzandigwetsa," anatero asuweni.

"Mukagwa ndidzakusiyani pomwepo, akutoleni anyani aja, achibale a kwa bambo anga."

Mwanayo anatiyang'ana tonse atatu ngati akuona anthu amisala. Kenako anati ayesa mpaka mvula itagwa, ndipo akadzapeza bambo ake ataonda adzawanyamula ngakhale atalankhula Chingerezi. Anabweza zikwama m'nyumba. Masana amenewo asuweni anadya, osati kwambiri, koma mbale inabwerera yosavundikira.

Mvula inagwa, mwanayo anabwera, anawayang'ana, n'kubwerera yekha. Mawu a asuweni sanabwerere onse, ndipo mwendo uja unkakokabe pansi. Koma m'mawa uliwonse ndinkawasambitsa, n'kuwagwira mkono mpaka pamsewu, iwo akundiuza kuti ngakhale bulu amayendetsa munthu bwino kuposa ine. Anakhala m'nyumba yawo, pansi pa phiri lawo, mpaka tsiku limene Mulungu anawaitana zaka zingapo pambuyo pake.

Tsiku loyamba lija, mwanayo asanakwere galimoto, anandikokera pambali. Ndinkayesa andikalipira chifukwa cha chipongwe chimene ndinachitira bambo ake pamaso pake. M'malo mwake anandigwira dzanja nati, "Ankolo, muziwanyoza tsiku lililonse. Osadumphitsa."

Ndalonjezapo zambiri m'moyo wanga, ndipo si zonse zimene ndinasunga. Limeneli ndinalisunga, ngakhale Lamulungu tikachoka kutchalitchi.