Tsiku Limene Chiperoni Chinapha Ng'oma

Ndikukumbukira bwino, ndinali kamtsikana mawere asanamere, tikukhala ku malayini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Makolo athu anali ndi kalabu ya nyimbo zimene agogo anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki. Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi ankasonkhana mu shedi yoyezeramo tiyi, n'kumaonera gule wa tchopa mpaka dzuwa kupendeka.

Wotsogolera nyimbo anali azakhali anga, a Esinati. Ine mawu ndinali nawo, osanama ayi, ndipo ndinkafuna kuima pakati ngati iwowo. Nditawapempha anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiika kumzere wakumbuyo kwa owomba m'manja. Anati ndikhale pamenepo mpaka manja aphunzire. Ndinalira. Kuwomba m'manja ndinkakuyesa ntchito ya anthu opanda mawu. Koma ndinalumbira chamumtima kuti sindichoka. Ngati ndi manja akufuna, manjawo awaona.

Chaka chimenecho kusitolo kunabwera gumbagumba, anthu n'kuyamba kuthawira komweko. Mu shedi munkangotsala nkhalamba ndi agalu. Akapitawo anaitana azakhali n'kuwauza kuti Lamulungu likudzalo akadzapeza mabenchi opanda anthu, adzatsekeramo feteleza, kalabu ithere pomwepo. Sabata yonse tinayenda layini ndi layini kuitana anthu. Ena anachita kuchokera ku Masambanjati wapansi.

Lamulungulo kunacha ndi chiperoni. Amene sanakhaleko kuno sachidziwa: kamvula kowaza kosaleka, nkhungu yoti phiri osaliona, kuzizira kolowa m'mafupa. Anthu anabwerabe, atafunda masaka. Koma ng'oma ndi chinyezi sizimvana. Chikopa chimalefuka, ng'oma n'kumalankhula ngati munthu wachimfine. A Fulaye, oimba ng'oma yaikulu, anali ataziwamba pamoto m'mawa, koma nyimbo itangofika pokoma zonse zinafa. Azibambo anazinyamula kuthamangira kuseri kukaziwambanso, n'kupeza nthambi za tiyi zokolezera moto zanyowa.

Ovina anaima, mwendo uli m'malere. Gumbagumba yakusitolo inamveka bwino lomwe, ndipo ndinaona anyamata akudzuka pabenchi. Akapitawo anali chilili pakhomo, manja ali m'thumba la jasi.

Azakhali sanaisiye nyimbo. Anangotembenuka n'kutiyang'ana ife akumbuyo.

"Ng'oma ndinu tsopano," anatero. "Amene manja amuwawe akalirire amake mawa."

Tinawomba. Manja angawa anali ming'alu yokhayokha, paja ndinkathandiza amayi kuthyola tiyi m'mamawa, mame atandidya zala. Kuwomba kulikonse kunali ngati ndikufumbata lumo. Mnzanga wapambali analeka, n'kupisa manja m'khwapa. Winanso analeka. Titatsala ochepa m'pamene ndinazindikira chimene sindinkachiona kale: mapazi a ovina, amene anali atayambiranso, ankatera pamanja pathu. Ndikachedwa pang'ono, nawonso ankaphonya. Ngakhale mawu a azakhali ndinkawasirira aja ankayanga pa ife mmene nyemba zimayangira pa phesi la chimanga.

Mng'alu wina unatseguka, magazi n'kuyenderera pamkono. Ndinaluma mlomo n'kupitiriza. Mayi wina mwa oonera, mwana ali kumsana, anayamba kuwomba nafe, kenako benchi yake yonse. Anyamata aja anaima pakhomo, ena n'kubwerera kudzakhala. Nyimbo imodzi yomweyo tinaizungulira kangati kaya, utsi wa nthambi zonyowa ukutilowa m'maso. Pamene a Fulaye ankabwera ndi ng'oma yotentha, sanayambitse zawozawo. Anatchera khutu, n'kulowa mmene manja athu ankayendera. Azimayi analuluta. Nditayang'ana pakhomo, akapitawo anali atatulutsa manja m'jasi, akuwomba nawo.

Fetelezayo anakamusunga kwina.

Pobwerera kulayini, azakhali anang'amba kansalu kumpango wawo n'kundimanga chala. Ine ndinkadikira kuti anena zoti ndakula, ndiyambe kutsogolera. Anangoti Lamulungu ndisadzachedwe, malo anga ndi omwe aja. Ndinakhala kumbuyoko zaka ndithu, ndipo sindinalirenso.

Lero kalabu ya kwathu kwa Changata ndimatsogolera ndine, mawu atayamba kale kusasa. Ana a masiku ano amabwera ndi masipika, magetsi akazima n'kumangoyang'anana. Mdzukulu wanga Tamanda ali ndi mawu okoma kuposa amene ndinali nawo ine, ndipo mwezi watha anandipempha kuti aime pakati. Ndamuika kumbuyo. Wakwiya, ndi moni womwe akuchita kundiponyera. Msiyeni akwiye, bola asachoke. Chiperoni sichinasamuke ku Thyolo, ndipo tsiku limene ng'oma zidzafe, nyimbo idzafuna manja oti igwerepo.