Timbale Tadazi ta Mayi Tiona

Ophunzira bayoloje a chaka choyamba pa koleji ina ankawatchula aphunzitsi awo kuti Mayi Tiona, ndipo dzinalo silinabwere lokha. Ukawafunsa kuti, "Madamu, yankho lake n'chiyani?" iwo ankangokweza mapewa n'kunena kuti, "Tiona." Kwa ana amene anakula akumeza mayankho a pabolodi, mawu amenewo ankawawa ngati tsabola m'maso.

Koma mayiwo anali ndi chifukwa chawo. Iwo eni anamaliza digiri yonse akujambula khungu la anyezi. Makina oonera tinthu ting'onoting'ono analipo ndithu, koma aliyense ankangosuzumiramo mwaulemu, kenako n'kukopera chithunzi cha m'buku, poti ndicho chinkabweretsa malikisi. Atabwerera pa koleji yomweyo ngati mphunzitsi, anapeza anyezi uja akulamulirabe. Malipoti a mu labu ankachita kusiyirana ngati yunifolomu ya mkulu wako. Zimenezi zinkawapweteka mtima kwambiri, ndipo sankabisa.

Choncho anakagogoda kwa mkulu wa dipatimenti, bambo wodekha amene ankadana ndi chilichonse chosuntha mipando. Anapempha kuti ophunzira achite kafukufuku weniweni m'kalasi momwemo: aliyense abweretse dothi la kumene amakhala, alisungunule m'madzi, alipake m'timbale tagalasi tokhala ndi chakudya cha mabakiteriya, n'kulemba zimene zamera. Palibe amene ankadziwa zimene zimakhala m'dothi la mumzinda umenewo, ngakhale mayiwo.

"Teremu imodzi yokha, mayi," anatero mkuluyo. "Ikatha popanda chooneka chochokera kwa anawo, tibwerera ku anyezi. Anyezi sanatichititsepo manyazi."

Kunyumba nako sanawasiye. Amuna awo, amene amakonza mafiriji, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Amake mwana, sukulu yonse ija kuti muzituma ana a eni kukatola dothi?" Mayiwo anangoti, "Tiona," n'kupitiriza kutsuka mabotolo akale a jamu oti anawo akatengeremo dothilo.

Dothi linabwera la mitundumitundu: la kuseri kwa galaja, la pansi pa mpopi wodontha, la m'mbali mwa ngalande, la mumphika wa maluwa wa azakhali a wina. Labu inayamba kununkha ngati masokosi onyowa, koma Mayi Tiona ankalowamo akumwetulira.

Chimwemwecho chinatha malipoti atafika. Onse ankanena chimodzimodzi: mabakiteriya amera bwino, mofanana mbale yonse, monga m'buku. Dothi la pagalaja kufanana ndi la maluwa a azakhali? Mayiwo anapsa mtima. Anadziwa kuti akakapereka zimenezi kwa mkulu uja, ndiye kuti anyezi wapambana, ndipo wapambana mwachilungamo.

Sanapite kukalira mu ofesi. Analunjika kukachipinda kakumbuyo, kumene timbale togwiritsidwa ntchito timadikira kuwiritsidwa mumphika waukulu wophera tizilombo. Anavala magolovesi n'kuyamba kutulutsa kamodzikamodzi mu ndowa. Mmenemo ndi mmene munali kafukufuku yense: timbale tachikasu, taubweya, tina tosamera kanthu. Ndipo panali tingapo tokhala ndi dazi, kadontho koyera pakati, pozungulira pake pali mbee, popanda chomera chilichonse. Tonse tadazito tinali ndi chizindikiro cha mtsikana amene anzake ankamutchula kuti Nambala Wani, poti chiyambire sukulu sanalawepo nambala ina.

Anamuitanitsa.

"Mwanawe, n'chifukwa chiyani unataya izi?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Zinawonongeka, Madamu. Ndinkaona ngati ndapaka molakwika. Ndinabwerezabwereza, dazilo osachoka, ndiye ndinakatapa dothi la mnzanga mpaka mbale inafanana ndi ya m'buku."

"Nanga anzako?"

"Ataona yanga, nawonso anataya zawo. Amati ngati yanga yatero, ndiye yolondola."

Mayi Tiona anafuna kukalipa, koma anaona kuti mwanayo sanachite zaulesi ayi. Anagwira ntchito kuposa onse, kufafaniza chinthu chokhacho chimene chinali chakechake. Anamumvera chisoni, ndipo anakumbukira anyezi wawo uja.

"Tamvera," anatero. "Pamene pali dazipa, mwina kadonthoka kakutulutsa chinachake choletsa anzake kumera. Mwinanso ayi. Ine sindikudziwa, buku silikudziwa. Dothi lako lija likadalipo?"

"Lilipo, Madamu. Ndi la pansi pa mpopi wa kwathu."

"Kalitenge."

Mawa lake anabweza malipoti onse osachonga, n'kukhuthula nkhani yonse pamaso pa kalasi. Analamula kuti kuyambira tsiku limenelo mbale iliyonse, yokongola kaya yonyansa, ijambulidwe isanalowe mu ndowa, ndipo wolemba kuti "sipanamere kanthu" alandira malikisi ake onse ngati ndi zoona. Ana anadandaula kuti nthawi yatha, mayeso ali pakhomo. Mayiwo sanasunthe. Ankafika m'mawa labu isanatsegulidwe, n'kumadikira pakhomo ndi mabotolo awo a jamu m'chikwama.

Teremu ikutha, mkulu wa dipatimenti anabwera kudzaona yekha, wosamalira labu ali pambuyo pake. Anayenda pakati pa matebulo manja ali kumbuyo, akuyang'ana timbale tosafanana ngakhale pang'ono. Anaima pa Nambala Wani, n'kunyamula kambale kadazi, n'kukayang'anitsa cha kuwindo.

"Ichi n'chiyani, mtsikana?"

Mayi Tiona anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mwana ameneyu anali asanavomerepo kusadziwa kanthu pamaso pa mphunzitsi aliyense.

"Sindikudziwa, bwana," anatero mtsikanayo. "Koma ndikapaka dothi la kwathu chimabwera, ndikapaka la ena sichibwera. Ndayesanso, chabweranso."

"Ndiye udziwa liti?"

"Mukatilola teremu ya mawa."

Mkuluyo anatembenuzatembenuza kambale kaja. Kenako anakaika pansi mosamala kuposa mmene anakanyamulira, n'kutembenukira kwa wosamalira labu.

"Anyezi uja musagule," anatero. "Ndipo mupeze timbale tina. Iti tachepa."