Munda Wodikira Bwana

Chibadwire, mlonda wopuma wa pasukulu sanakanepo lamulo, n'chifukwa chake alangizi anasankha munda wake wamchenga kukhala wachitsanzo, n'kuzikapo chikwangwani. Mkuluyo anawotcha zitsononkho m'dzenje, nasinja makalawo n'kusakaniza ndi ndowe za mbuzi kuti nthaka izisunga chinyezi. Koma alangiziwo anamuuza kuti asathire manyowawo kapena kubzala mpaka bwana wamkulu adzathire fosholo yoyamba pamaso pa ojambula.

Mvula inagwa, ndipo bwanayo anasintha tsiku katatu.

"Abambo, chaka chino tidya chikwangwanichi?" anafunsa mkazi wake, poona chimanga cha anzawo chitafika m'mawondo.

Mkuluyo anapita ku ofesi ya zaulimi, chipewa chili m'manja. Kalaliki anamuyamikira kwambiri chifukwa chodekha, n'kumuuza kuti abwerenso Lachinayi.