Bulangeti Lakuda la m'Ng'anjo

Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ndinapeza ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Maselema. Tinkapanga mipeni ya makina odulira tiyi ndi fodya. Mpeni ukangosulidwa umakhala wofewa, ndiye umayenera kulowa m'ng'anjo kuti ulimbe. Ng'anjo yathu sinali ya makala. Inali ngati thanki yogona cham'mbali, yoyendera magetsi, ndipo tisanaiyatse pampu inkayamba yakoka mpweya wonse wa m'kati kuti mipeni ituluke yowala.

M'kati mwake munali moyalidwa chinthu chimene tonse tinkangochitcha bulangeti. Linali lakuda bii, lopepuka, lopangidwa ndi ulusi wa kaboni. Ndi limene linkatsekera kutentha kuti kusathawe.

Woyang'anira ng'anjoyo anali bambo wachikulire wa ku Ndirande, Msilamu, munthu wa mawu ochepa. Tinkawaitana kuti madala. Tsiku loyamba anandipatsa magolovesi ndi masiki, nanditsegulira chitseko cha ng'anjo.

"Mwanangu, bulangetili likatentha n'kukumana ndi mpweya limanyeka ngati khala," anatero. "Likamwa chinyezi, pampu ilira tsiku lonse osamaliza. Fumbi lakenso usalifikitse pa mawaya, limadutsa magetsi."

Ndinavula magolovesi kamodzi kuti ndilimve m'manja. Zala zinandiyabwa masiku awiri. Madala anangondiyang'ana n'kupukusa mutu.

Patatha zaka ziwiri bulangetilo linayamba kuyoyoka, kampani n'kuitanitsa lina kunja. Tikudikira choncho, kunabwera namondwe wa Freddy. Ine ndinkakhala ku Manje ndi mayi anga komanso mwana wanga wamkazi. Matope ndi miyala zochokera kuphiri zinakokolola nyumba yathu. Ife atatu tinapulumuka, koma aneba athu ena sanapulumuke. Anatisunga pa sukulu ina ya pulaimale. Foni inapita ndi madzi, ndipo kunena zoona za ntchito sindinkaziganizira n'komwe. Ndinkangokhala pakhonde la kalasi, maso kuphiri.

Sabata yachitatu, ndikuyanika zovala pa mpanda, ndinamva munthu akufunsa za mtsikana wa zamagetsi. Anali madala, thalauza lili matope mpaka m'mawondo. Anali atayenda pansi kuchokera ku Chilobwe, akufunsa sukulu ndi sukulu. M'jumbo munali ovolosi yanga, nsapato za ntchito, sopo, ndi zitenje ziwiri zimene akazi awo anatumiza.

Anapereka moni kwa mayi anga, nawapepesa, kenako anatembenukira kwa ine.

"Bulangeti latsopano lija linafika. Abwana amati tiitane munthu wina adzaike, ine ndakana. Mawondo angawa sangalowe m'ng'anjo, ndipo amene ndinamuphunzitsa ndi mmodzi."

"Madala, mutu wanga sukuyenda bwino. Ndikaononga katundu wodula."

"Ine ndidzakhala pachitseko. Ukamalakwitsa ndidzakuona."

Mayi anga ndi amene anayankha. "Lolemba abwera, bambo. Mwana wakeyu ndimuyang'anira ine."

Ntchitoyo inatitengera masiku anayi. Tinayamba ndi kukanganula lakale, kuliika m'matumba, ndi kupukuta fumbi lonse. Kenako ndinkalowa chokwawa, n'kugona chagada, tochi ili pachipumi. Madala ankayeza ndi kudula zidutswa patebulo, n'kumandipatsira chimodzichimodzi. Tinkasanja chidutswa pamwamba pa chinzake, koma molumikizira simunkayenera kuyang'anizana, chifukwa kutentha kumatulukira pampata uliwonse. Kawiri anagogoda khoma ndi sipanala.

"Chotsa chimenecho. Wasiya mpata kumanzere."

M'ng'anjomo munali zii. Bulangeti limameza phokoso, moti ngakhale makina a kunja ankamveka ngati ali kutali. Kumsasa tinkagona anthu ambiri m'kalasi imodzi, ndipo chichitikireni ngoziyo ndinali ndisanakhalepo ndekha. Tsiku lachiwiri, ndikumanga chidutswa cha kudenga, misozi inangoyamba yokha. Ndinalira mpaka masiki kunyowa. Ndikudziwa kuti madala anamva, chifukwa chidutswa chotsatira sichinabwere. Anadikira. Nditatulutsa dzanja, anandipatsa masiki ena ouma, kenako chidutswa chija. Nkhaniyo sanaitchulepo mpaka lero.

Titamaliza sitinaike mipeni nthawi yomweyo. Mvula inali itanyowetsa chilichonse, choncho tinayatsa ng'anjo yopanda kanthu, pang'onopang'ono, kuti chinyezi chituluke. Mipeni yoyamba inatuluka yonyezimira ngati supuni zatsopano. Madala anatenga umodzi, nauzunguliza pa kuwala kwa pawindo, n'kundipatsa kuti ndikaonetse abwana ndekha.

Patapita miyezi, mayi wa ku ofesi anandiuza kuti sabata zimene ndinasowa zija makasitomala ankaimba foni tsiku lililonse, ndipo kalata yofuna munthu wina m'malo mwanga inali italembedwa kale. Madala ankalowa mu ofesi m'mawa uliwonse kukapempha masiku ena awiri.

Nditawafotokozera mayi anga zimenezi, sanachedwe. Nthawiyo tinali titapeza kanyumba ku Naperi. Loweruka anavala chitenje chawo chabwino, nagula tambala wamkulu pamsika, tinakwera minibasi ya ku Ndirande. Ndinawauza kuti bwenzi titangogula nkhuku yokonzakonza.

"Iwe, anzathu Achisilamuwa amazinga okha. Timupititse wamoyo."

Tinawapeza madala akukonza mpando pakhonde. Mayi anagwada, nayamba kuthokoza. Madala anachita manyazi, n'kuitana akazi awo kuti adzalandire alendo. Tambalayo tinadyera limodzi masana omwewo, ndipo azimayi awiriwo anacheza mpaka ine ndinachita kuwakumbutsa kuti mwana tamusiya kwa aneba.